Nkhono Zanga Zakana Chaka cha Chigumula

Lolemba, 6 Meyi

A Chimodzimodzi abwerako ku msonkhano wakunja kuja, ndipo monga mwa nthawi zonse abwera ndi mawu atsopano m'sutikesi. Chaka chatha anabwera ndi "masomphenya", tinawasenza mpaka makosi kuwawa. Ulendo uno ndi "kugwirizana". Dzina lomwe tinawapatsa abwana athuwa likuwakhala tsiku ndi tsiku. Chilichonse ungawauze, ngakhale chowatsutsa, amangoti, "Ndi chimodzimodzi ndi zomwe ndimanena."

Atiitanitsa tonse m'chipinda chomwera tiyi. Atulutsa kacholozera kawo ka leza, kaja kamaika kadontho kofiira pakhoma. Akuti taonani babu lili kudengali, kuwala kwake kumangomwazika ngati ana akaweruka kusukulu, koma kadontho aka kamafika kutali kali kamodzi chifukwa mafunde ake onse amaponda phazi limodzi. Akuti akatswiri a kuwala amakutcha kugwirizana. Madokotala nawonso amati munthu mutu ulipo akamayankhula zogwirizana. A zinenero amati nkhani ndi nkhani pokhapokha ziganizo zake zikagwirana manja. "Ndiye ife pano tikhale leza, tisakhale babu."

Babulo ndine. Sananene, koma aliyense anayamba kuyang'ana mu shuga.

Nkhani ndi yomwe ija. Pano tonse tikufufuza chinthu chimodzi, kuti damu la mzinda linayamba liti kuchita mchere. Alamu anga, amuna a asisi, amafufuza matope a pansi pa damu, akuti chaka cha chigumula. Mayi Mitengo amawerenga mizere ya m'mathunthu a mitengo youma ya m'mphepete, akuti chaka cha chigumula. Bambo Nsomba, chaka cha chigumula. Nkhono zanga zokha zikuti ayi, mchere unayamba kale, chaka chomwe anamanga msewu wa tala wopita kudamuko, chigumula chisanaganize n'komwe zobwera.

Mwezi wamawa kukubwera alendo, aja amatithandiza ndi ndalama. A Chimodzimodzi akufuna Chipinda cha Kugwirizana, cha sikirini yaikulu, choti alendo akalowa aone chithunzi chimodzi. Zipinda pano n'zochepa. Akuti chichokera kwa amene ntchito yake sikulowa m'chithunzimo. Andipatsa mpaka Lachisanu la sabata yamawa kuti "ndionenso bwino".

Ndatsika kulabu, ndadyetsa nkhono letesi, ndazitukwana pang'ono.

Lachiwiri, 7 Meyi

Aliyense wondiona m'khonde lero akundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kenaka n'kuseka ngati wayamba ndi iye. Mwambi umenewu ndakhala ndikuumva chiyambireni ntchito ino. Tsiku lina ndidzamugenda munthu ndi chigoba.

Ndaonanso bwino, monga andiuzira. Ndatsitsa mabotolo onse pashelefu. Malemu Aphunzitsi, amene anandisiyira labu ino, ankapita kudamu chilimwe chilichonse, kutola zigoba, kuika m'botolo, kulemba chaka pa chivundikiro. Ine ndinangopitiriza. M'mabotolo akale muli kankhono kopyapyala kaja kochuluka zedi. Kufika pa botolo la chaka cha msewu, kulibe. Mabotolo otsatira, kulibe. Zatsala zokhuthala zigoba zokhazokha. Ndipo m'matanki muno ndayesapo kambirimbiri, ukamathira mchere pang'onopang'ono, kopyapyala ndiko kamayamba kufa, zokhuthala zikudya letesi ngati palibe chachitika. Ndionenso chiyani? Ndizipemphe zigoba zisamukire m'botolo lina?

Labu ino si yokongola. Ili pansi, n'njachinyezi, windo lake limodzi limayang'ana matayala a galimoto za anthu. Koma ili ndi mpope, ngalande yotayira madzi, ndi mashelefu omwe malemu anakhoma okha, opendekera kumanzere onse. Zopyapyala zamoyo zili m'thanki yapakona ndi zidzukulu za zomwe iwo anabweretsa ine ndisanabwere. Kudamu sindinazipezepo. Akandilanda chipinda chino, zilibe kolowera, inenso chimodzimodzi.

Taonani, nanenso ndayamba kuyankhula ngati abwana.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndadzuka ndi mtima wodzichepetsa, chinthu chosowa kwa ine. Ndati anthu atatu ophunzira sangalakwe onse pamodzi, wolakwa ndine. Ndiwayendera mmodzimmodzi andiphunzitse momwe anapezera chaka chawo, mwina ndiona pomwe ndinaterereka.

Ndayamba ndi alamu. Ofesi yawo yadzaza mapaipi odzaza matope, ong'ambidwa pakati chautali. Atandiona pakhomo akuti, "Alamu, mwabwera kudzalapa?"

Ndati ndabwera kudzaphunzira.

"N'chimodzimodzi," akutero, n'kuseka okha.

Andionetsa paipi imodzi. N'zokongola ndithu, ndisaname. Mizere yoyera, yakuda, yoyera, yakuda, kenaka penapake mtundu ukusintha, ndipo akuti apa ndi pomwe mchere ukuyambira. Pamenepo sindikutsutsa, pakuoneka ndi maso. Ndafunsa kuti nanga akudziwa bwanji kuti mzere umenewo ndi chaka cha chigumula, amawerenga kuchokera pamwamba?

"Kuwerenga kumatheka pang'ono chabe. Nyongolotsi ndi nsomba zimavundula matope, zaka zina zimasakanikirana. Umafunika msomali woti upachikepo. Msomali wanga ndinatenga kwa Mayi Mitengo. Mtengo sunama, alamu."

Potuluka anditsina khutu kuti mapepala awo a upulofesa apita kale kwa oweruza, ndipo mutu wake waukulu ndi chaka cha chigumula chomwechi. Akuti asisi anga asoketsa kale diresi la paphwando lake. Ndati zikomo kwambiri, ndikudziwa tsopano kuti ndikulimbana ndi diresi.

Lachinayi, 9 Meyi

Mayi Mitengo ndimawakonda. Sayankhula zambiri, samwa tiyi wa anthu, ndipo tsitsi lawo nthawi zonse lili ndi utuchi. Ndawapeza akupala chidutswa cha thunthu ndi sandipepala mpaka kuwala ngati mbale. Andipatsa galasi lokuzira. Mizere yotakata, yotakata, kenaka yothithikana, pomwe mtengo unayamba kuvutika ndi mchere kumizu.

Ndati ndiye n'zophweka, mzere umodzi chaka chimodzi, mumangowerenga chobwerera m'mbuyo.

Apukusa mutu. Akuti zikanakhala choncho bwenzi atapuma kale ntchito. Mitengo iyi mvula ikadukiza pakati pa dzinja imalemba mizere iwiri chaka chimodzi. Chaka cha chilala ina silemba n'komwe. Ndiye ukawerenga umatha kuphonya ndi zaka zingapo, kutsogolo kapena kumbuyo.

"Nanga mumasankha bwanji?"

"Ndinayesa mawerengedwe angapo, mayi. Onse anali otheka. Ndinatenga omwe anagwera pa chaka cha a Bambo Nsomba. Paja nsomba amaziyeza tsiku ndi tsiku pa sikelo, si zongoganizira ngati zathuzi."

Ndathokoza, ndabweza galasi. Alamu apachika pa Mayi Mitengo, Mayi Mitengo apachika pa Bambo Nsomba. Bola Bambo Nsombawo akhale atapachika pakhoma.

Lachisanu, 10 Meyi

Bambo Nsomba kulibe, akuti ali kudamu. Pafoni kumamveka nyimbo ndi mabotolo. Madamu a masiku ano.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndinapita kukadyetsa nkhono, popeza sizidziwa Sabata. Ndinapeza munthu ataimika makwerero panja pa windo langa akuyeza khoma ndi tepi. Akuti amutuma aone ngati sikirini ingalowe. Ndinamuuza kuti mwini chipinda sanamwalire. Anati iye wangotumidwa.

Lolemba, 13 Meyi

Bambo Nsomba apezeka, maso ofiira, akuti ndi mphepo ya pamadzi. Pakhoma pawo pali chithunzi chachikulu cha nsomba zogwidwa chaka ndi chaka. Mzere wake ukutsika, inde, koma ukutsika ngati mano a sowo, kukwera pang'ono, kugwa, kukwera, kugwa, kwa zaka zambirimbiri. Palibe pomwe ungaloze kuti apa ndiye pathyoka. Koma iwo anajambula mzere wofiira woimirira, pa chaka cha chigumula ndendende.

Ndafunsa kuti bwanji pamenepo, osati apa, kapena apa.

"Aaa mayi, penapake umayenera kudula. Ine ndinadula pomwe matope akunena. Alamu anu omwe ndi amene anatiuza pa semina ija. Matope ndi mbiri yeniyeni, sasuntha."

Ndinawafunsanso kachiwiri kuti ndimve bwino. Anabwereza, monyadira.

Ndatuluka, ndakhala pansi pa masitepe. Alamu anatenga kwa Mayi Mitengo. Mayi Mitengo anatenga kwa Bambo Nsomba. Bambo Nsomba anatenga kwa alamu. Anthu atatu akuchokera kumowa atakolekana mikono, aliyense akuyenda molimba mtima poganiza kuti mnzake ndiye akudziwa njira. Leza ya a Chimodzimodzi ndi imeneyi.

Wokolopa anandipempha kuti ndisunthe. Ndinasuntha ndikuseka ndekha, moti anandiyang'ana kawiri.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndasangalala, ndipo chisangalalo chake n'choipa, cha munthu amene wapeza mnansi wake wonyada akubwereka mchere kuseri. Ndakhala tsiku lonse ndikuyeserera mawu oti ndidzanene Lachisanu. Ndaziuza nkhono, zavomereza.

Malemu ankati njira zosiyana zikakufikitsa pakhomo limodzi, khomolo ndi lenileni, koma uyambe wafunsa ngati njirazo sizinakumane kuseri kwa phiri. Mboni zitatu zogona nyumba imodzi ndi mboni imodzi. Apa ndiye palibe ngakhale imodziyo.

Madzulo chisangalalo chatha. Khoswe wakhala pa mkhate. Ndikamenya chaka cha chigumula, ndamenya upulofesa wa alamu, ndamenya diresi la asisi, ndamenyanso asisi amene ali m'diresimo.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndawauza alamu patokha, chitseko chotseka. Ndinajambula pa kapepala mabokosi atatu ndi mivi yozungulira. Poyamba anaseka. Kenaka anatenga kapepalako, kukazunguza, ngati mivi isintha akakayang'ana chozondoka.

Ndafunsa kuti nanga pa semina ija, Mayi Mitengo asanawapatse msomali, chakacho anachitenga kuti.

Anaika kapepalako patebulo. "Ndinati mwina."

"Mwina?"

"Munthu wina anafunsa, ine ndinati mwina chigumula, pakuti chigumula aliyense akuchikumbukira. Anthu anagwedeza mitu. Patapita miyezi Mayi Mitengo anabwera nacho chotsimikizika, ine n'kusangalala kuti ndinalosera bwino." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Mwina wanga yemwe uja anangozungulira nyumba n'kubwera atavala jekete."

Ndinawamvera chisoni, zoona. Mpaka pomwe anatsegulanso pakamwa.

Akuti ndidikire. Oweruza upulofesa amaliza miyezi iwiri ikubwerayi, zikatha tidzakonza tonse mwakachetechete, monga banja. Ndati chipinda changa chikutha Lachisanu lino. Akuti mabotolo anga akhoza kundisungira pakona ya ofesi yawo. Ndati nanga zamoyo?

"Nkhono ndi nkhono, alamu. Mudzatola zina."

Ndinatenga kapepala kanga n'kutuluka. Chitseko ndinachitseka bwinobwino, mwaulemu, ndipo ndikudzinyadira pa chimenecho chifukwa dzanja limafuna zina.

Lachinayi, 16 Meyi

Asisi aimba foni ndili pakati posintha madzi. Moni sanapereke.

"Iwe, ndinakusambitsa ine. Ndinakubereka kumsana mpaka kusukulu. Lero ukufuna kuwavula bambo a ana anga pagulu chifukwa cha tizilombo?"

Ndinati asisi, si ine ndinajambula mivi, ine ndangoipeza. Akuti sakufuna kumva za mivi, iwo akudziwa kuti munthu wakhala zaka akununkha matope kuti ana adye, ndipo mng'ono wawo weniweni ndi amene akumukumbira dzenje. Analira. Inenso ndinalira, paipi ya madzi ili m'manja, mpaka thanki kusefukira.

Kunyumba bambo a kwathu amvetsera nkhani yonse akusenda mbatata. Akuti, "Ukanena, asisi ako satiyankhula chaka. Ukapanda kunena, ine ndikhala ndi mkazi womenyetsa mapoto moyo wonse. Nena, mayi, ndikupempha."

Lachisanu, 17 Meyi

Ndanena.

A Chimodzimodzi anatsegula msonkhano ndi mutu umodzi susenza denga, kenaka n'kundifunsa mwachifundo ngati nkhono zanga zaganiza zolowa m'gulu. Ndinapita pa bolodi. Mabokosi atatu, mivi itatu. Mawu onse okoma ndinayeserera aja anathawa, ndinangoti uyu anatenga kwa uyu, uyu kwa uyu, uyu kwa uyu, aliyense atsutse ngati ndanama.

Ketulo yokha ndiyo imayankhula.

Mayi Mitengo anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. Bambo Nsomba akuti, "Ine ndinangodalira anzanga, kodi kudalirana ndi mlandu?" Alamu amayang'ana nsapato zawo ngati azigula lero.

A Chimodzimodzi anayang'ana bolodi nthawi yaitali, nkhope itagwa. Ndinaona ndi maso anga munthu akufunafuna pothawira m'mutu mwake. Kenaka nkhope inawala.

"Ndi chimodzimodzi ndi zomwe ndimanena."

Akuti ichi ndicho chifukwa chake anabweretsa nkhani ya kugwirizana, kuti zoterezi zituluke. Akuti tiwombere m'manja mayi wa nkhono. Anawomba okha, ena n'kutsatira mofooka.

Ine ndinapempha chinthu chimodzi. Aliyense abwerere kwake akawerenge yekha, osasuzumira kwa mnzake, abweretse chomwe wapeza, ngakhale titatuluka ndi zaka zinayi zosiyana. Pamenepo ndiye tidzaone ngati zikukumana.

"Zinayi?" Anagwira pachifuwa. "Alendo akubwera kudzaona chithunzi, mayi, osati kalendala." Akuti tikambirana.

Za chipinda sanatchule. Ndatsika, ndazipatsa nkhono letesi wa mawa lero lomwe.

Loweruka, 18 Meyi

Asisi sakuyankha foni. Mwana wawo wamkulu wanditumizira uthenga: "Anti, mwatani?"

Lolemba, 20 Meyi

Chiyambireni ntchito pano, Mayi Mitengo sanalowepo mu labu yanga. Lero alowa, agwira mphuno pang'ono, ayamikira mashelefu opendekera. Kenaka afunsa mwaulemu kuti chaka cha msewu chija ndi chiti kwenikweni. Ndawauza, osaganiza kanthu.

Masana abweranso akumwetulira. Akuti abwerera ku mawerengedwe awo akale aja, ndipo amodzi mwa iwo akugwera pa chaka cha msewu ndendende. "Analipo nthawi yonseyi, mayi. Ndinangowasiya."

Ndati nanga enawo akugwera pati? Akuti enawo tsopano alibe ntchito.

Lachiwiri, 21 Meyi

Bambo Nsomba afufuta mzere wofiira, ajambula wina pa chaka cha msewu. Pomwe panali wakale pakuonekabe kufiira. Andiitana kuti ndione. Akuti ukayang'anitsitsa, apa ndi pomwe panathyokadi, sakudziwa kuti maso awo anali kuti.

Alamu sanandiitane, koma mlembi wandiuza kuti alembera oweruza upulofesa kuti "kafukufuku watsopano wa nthambi zinayi" wawongola chaka, ndipo oweruzawo akondwa, akuti ameneyu ndiye wasayansi, wosaopa kudzikonza. Diresi lapulumuka.

Msomali tsopano ndine. Anthu atatu andipachika majekete awo, ndipo aliyense akundipatsa moni m'khonde ngati ndine dokotala amene anawachiza.

Ndikanayenera kukondwa.

Lachitatu, 22 Meyi

Ndinapita kudamu kukatunga madzi a m'matanki. Minibasi, mpando wakutsogolo, msewu wa tala uja. Ndimawodzera. Titafika pokhotera pomwe msewu umatsikira kugombe la miyala, pomwe ndimatola zigoba chaka chilichonse, pomwe malemu anandionetsa, tulo tonse tinabalalika.

Msewu usanamangidwe, malemu ankafika bwanji kuno?

Galimoto analibe. Bondo lawo linali lovuta kuyambira kale. Kuno kunali thengo ndi maphompho. Njira yakale, ya fumbi, inkafika tsidya lina, komwe mtsinje umalowera m'damu, kwa bango, kwa madzi ozizira opanda mchere. Komwe kankhono kopyapyala kangakonde kukhala.

Ngati malemu anasintha malo otolera chaka chomwe msewu unafika, chifukwa choti minibasi inayamba kuwatsitsa pafupi, ndiye kuti mabotolo anga sakunena za mchere. Akunena za bondo la Aphunzitsi. Pa zivundikiro analemba chaka chokha, malo ayi. Ndipo kumene ali sindingawafunse.

Ndinatsika, ndinakhala pa mwala, madzi osatunga.

Mwina sanasinthe. Mwina chaka changa n'choona. Sindikudziwa, ndipo kusadziwako kuli ndi mankhwala ake: kutola mbali zonse ziwiri chaka chathunthu, kuika zopyapyala zanga m'madzi a uku ndi a uko, kuona komwe zikukhala moyo. Chaka chimodzi, mpope, ngalande, thanki yapakona. Ndi anzanga atatu owerenga paokha, kuti ndikalakwa wina andigwire dzanja.

Lachinayi, 23 Meyi

Ndawasonkhanitsa onse, ndawauza za msewu, za bango, za bondo. Ndayankhula momveka, sindinabise kanthu. Ndati chaka changa chikhoza kukhala cholakwika.

A Chimodzimodzi amwetulira ngati bambo womvera mwana wakhoza mayeso akudandaula za funso limodzi. "Musadzichepetse, mayi. Matope akukuvomerezani. Mitengo ikukuvomerezani. Nsomba zikukuvomerezani. Nthambi zitatu zingalakwe zonse?"

Ndinakuwa. Ndinati zikundivomereza chifukwa zakopera kwa ine, dzana lomweli, ine ndikuona! Ndinati sabata yatha yomweyi ndinajambula mivi pa bolodi ilo, sinafufutike n'komwe bwinobwino!

Bambo Nsomba akuti iwo sangafufutenso kachiwiri, pepala libooka. Mayi Mitengo anayang'ana pansi, ndipo ndikuganiza kuti iwo okha anamva, koma anangoti atopa, mizere ija yawadya maso. Alamu anandiyandikira, kundigwira paphewa, koyamba chichitikireni zija.

"Ife timakukhulupirirani, alamu."

Ananena ndi mtima wonse. Chibadwire sindinamvepo mawu oopsa ngati amenewo.

Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Pano tilipo anayi, ndipo ndilibe woti ndimufunse.

Chinsalu cha alendo chafika kale kuchokera kosindikiza. Chaka changa chili pakati, zilembo zazikulu ngati mutu wanga, mivi inayi ikuloza pamenepo.

Lachisanu, 24 Meyi

Andikweza.

Alengeza pa tiyi, panali ndi makeke. Kuyambira Lolemba ndine Mkulu Woona za Kugwirizana. Ofesi pamwamba, moyandikana ndi a Chimodzimodzi, ya kapeti, mpando wozungulira. Akuti munthu amene anagwirizanitsa nthambi zinayi sangamakhale pansi pa nthaka ngati mbewa.

Ndafunsa za labu. Akuti ndi nkhani yabwinonso imeneyo. Popeza funso layankhidwa, nkhono zamaliza ntchito yake mwaulemu. Ndipo palibe malo oyenera Chipinda cha Kugwirizana kuposa pomwe yankho linabadwira. Mabotolo a malemu atsala, awaika m'kabati ya galasi ndi magetsi, alendo azijambula. Matanki okha ndi amene achoke, amabweretsa chinyezi ku sikirini.

Ndati sindikufuna kukwezedwa. Onse aseka, akuti mayi ameneyu ndi nthabwala. Ndati ndikunena zoona, ndipatseni chaka chimodzi. Akuti tikambirana Lolemba, muli pa mpando wanu watsopano, zinthu zimaoneka bwino ukakhala pamwamba.

Asisi aimba. Akuti amadziwa kuyambira ndili mwana kuti ndidzafika patali. Akufunsa ngati ndikufuna telala wawo.

Lamulungu, 26 Meyi

Ndayendayenda m'nyumba kufuna poika thanki. Bambo a kwathu akuti bafa lilipo, iwo akhoza kumasamba m'ndowa. Munthu ameneyu ndinamupeza kuti? Mawa ndipita ndi zidebe, ndiyambe ndi zopyapyala, zokambiranazo zidzandipeza.

Lolemba, 27 Meyi

Ndinafika ndi zidebe ziwiri. Pageti a Chimodzimodzi anandilandira okha, kundilanda zidebe kupatsa mlonda, kundikweza pamwamba. Panali maluwa patebulo, dzina la udindo pachitseko, wojambula zithunzi. Ndinati ndikufuna nditsike kaye. Akuti kamphindi chabe. Kenaka panabwera mawu a alamu, mawu a Bambo Nsomba, tiyi.

Nditatsika ndinapeza chitseko cha labu chili pululu, pansi pokolopa, akupaka penti. Matanki ali panja, ovundikira, akuuma. Anyamata a penti akuti anauzidwa kuti ayambe m'mawa. Madzi ndi nkhono zomwe anathira pa miyala ya poimika galimoto, kuti asatseke ngalande.

Ndinagwada pamenepo, siketi yatsopano ndi nsapato zazitali. Dzuwa linali litakwera kale. Zokhuthala zambiri zinali zamoyo, ukazikhudza zimabwerera m'kati. Ndinazitola m'kabokosi kanga ka chakudya. Zopyapyala ndinazifuna pakati pa miyala, pansi pa matayala, chimodzichimodzi. Ndinazipeza. Zigoba zake zimaphwanyika ndi zala, zina galimoto ya alamu inali itaziponda poimika. Ndinakhudza chilichonse. Palibe chinabwerera m'kati.

Mlembi anatsegula windo la pamwamba n'kundiitana. "Bwana! Abwera oyeza makatani, akufunsa mtundu womwe mukufuna."

Ndinamuuza kuti aike uliwonse wogwirizana ndi kapeti.